Mbiya Khumi za ku Vomerezani

Kuseri kwa mapiri ouma kuli dziko limene eni ake amalitcha Vomerezani. Mlengi analipatsa dothi labwino ndi anthu aulemu, koma pa nkhani ya mitsinje anaumira. Mvula imagwa miyezi itatu yokha, kenako kumwamba kumatseka mpaka chaka china, ndipo chitsime chapafupi chili pa ulendo wa masiku awiri. N'chifukwa chake moyo wa banja lililonse kumeneko unkakhala m'mbiya. Sindikunena timbiya tofululira mowa ayi, koma zimbiya zazikulu zofika munthu m'khosi, zimene ankaziimika m'munsi mwa denga kuti zilandire madzi a dzinja ndi kuwasunga mpaka chilimwe chithe. Mbiya ikakhala ndi mng'alu, ngakhale wochepa wosaoneka ndi maso, madzi ankathawa pang'onopang'ono, ndipo mwini wake ankadzazindikira dzuwa litayamba kuswa mtengo, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

Choncho kunali anthu amene ntchito yawo inali kugogoda mbiya pamsika, ndipo wodziwika mwa onsewo anali Mayi Tiyese, mayi wamfupi wosakonda kuseka zopanda pake, amene mfundo ya chala chake chapakati inali itauma gwa chifukwa cha ntchitoyo. Ankagunditsa khutu pamimba pa mbiya n'kugogoda katatu. Mbiya yamoyo inkayankha kuti ngwee, mawu ake n'kuzungulira m'kati kanthawi. Yokhala ndi mng'alu inkangoti phwa, basi. Mawuwo sankamveka patali, ankafuna khutu logunda dothi, ndipo apa ndi pamene panali khalidwe la mayiyu limene ena ankati n'kuvuta. Sankalola kuti wogula angomvera zonena zake. Ankamugwira paphewa, kaya ndi mwini ng'ombe makumi asanu kaya ndi mtsikana wongotomeredwa kumene, n'kumuweramitsa. "Ikani khutu apa, mumve nokha," ankatero. "M'chilimwe simudzamwa mawu anga."

Zinthu zinatembenuka pamene Mwinidziko Nditameni anakhala pampando, iye amene alembi ankamutcha Mthunzi wa Otopa, Kasupe wa Mawu Okoma, Wosalakwa Chibadwire. Mfumuyi sinali yankhanza kwenikweni, inkangodana ndi nkhope ya munthu wokayika. Inali ndi mlamu wake, Bambo Phuma, amene inamupatsa ng'anjo zonse za m'dziko. Bamboyu ataona kuti oumba akale ankadikira mwezi wathunthu kuti mbiya iume pamthunzi asanaiotche, anati kumeneko n'kugona pantchito. Zake ankaumba Lolemba, kuotcha Lachitatu, Lachisanu zili pamsika. Ogogoda anagwira ntchito yawo, ndipo pa mbiya khumi zilizonse, yoyankha bwino inkapezeka imodzi. Bambo Phuma anathamangira kwa mlongo wake, mkazi wa mfumu, mlongo wakeyo anakalira pamaso pa mfumu, ndipo mfumu inaitana Nduna Pakamwa, mwamuna wosalala nkhope amene ankatha kulankhula kuyambira m'mawa mpaka mbuzi kubwera kubusa osanena kanthu kamodzi kogwirika.

"Anthu a Vomerezani, ana okondedwa a Wosalakwa Chibadwire," inatero ndunayo pabwalo lalikulu, "kodi mtundu wolemekezeka ngati wathu udzawerama pamaso pa dothi mpaka liti? Kugogoda mbiya n'kunyoza woumba, kunyoza woumba n'kunyoza mlamu wa mfumu, ndipo kumene njira imeneyi ikulowera mukukuona nokha. Kuyambira lero mbiya izidzinenera yokha. Takhazikitsa Nyumba ya Malemba, ndipo alembi ake, anthu ophunzira koposa, azilemba pamimba pa mbiya iliyonse mmene ilili. Cholembedwa ndi chomwecho. Funso lija lakuti mwadziwa bwanji talichotsa m'dziko muno, pakuti ndi funso la anthu ansanje."

Anthu anaomba m'manja, poti ku Vomerezani munthu wovala mkanjo akamaliza kulankhula, manja sadikira kuti mutu uwatume.

Chaka choyamba mbiya zinalembedwa kuti Yabwino. Zitachucha, alembi anakhala pansi, anaona kuti vuto linali kuchepa kwa mawu, ndipo chaka chachiwiri analemba kuti Yabwino Kwambiri. Pofika chaka chachisanu, mbiya yongolembedwa kuti Yabwino ankaisiyira nkhuku kuti ziziikiramo mazira, ndipo utoto unkatha msanga kuposa nkhuni za kung'anjo. Mwambowo unakoma, n'kufalikira ponseponse. Mbuzi zinayamba kuyenda ndi zikwangwani m'khosi zakuti Yonenepa Koposa, nthiti zikuwerengeka. Sing'anga wina amene odwala ake ankatuluka chogona anakhoma pakhomo pake kuti Wochiritsa Wosayerekezeka, ndipo mzere wa odwala unatalika. Ludzu likavuta, Nyumba ya Malemba inkakhoma chikwangwani pamphambano chakuti Ludzu la Chaka Chino Ndi Lochepa Kuposa Kale Lonse. Anthu ankachiwerenga zidebe zili pamutu, ali pa ulendo uja wa masiku awiri, n'kumauzana kuti, "Akuti zinthu zili bwino." Ogogoda ena anakalamba, ena anayamba kugulitsa utoto, ana awo sanaphunzire ntchitoyo. Mayi Tiyese anayamba kulima nandolo, ndipo popita kumsika ankabisa dzanja m'chitenje kuti lisamulowetse m'mavuto.

Chala chake chogogodera chija chikanafa chili chete pakanapanda Timwenji, mwana wake mmodzi yekhayo. Timwenji anapeza banja, ndipo ukwati wake unali wa chitengwa, wokakhala kwawo kwa mwamuna ku Chouma, mudzi wa pamwamba penipeni pa phiri, kumene ulendo wa kuchitsime ndi wa masiku atatu, pobwerera n'chokwera chokhachokha. Mwambo wa dzikolo unali wakuti mayi apereke mbiya kwa mwana wake wamkazi mvula yoyamba isanagwe, ndipo mbiya imeneyo ndiyo inali madzi a banja latsopanolo chaka chonse. Mayi Tiyese anali ataona akazi a ku Chouma akutsika phiri ali ndi pakati potopa, chidebe pamutu, milomo itang'ambika. Ankadziwanso mayina a ena amene anatsika koma osakweranso. Mantha anamugwira mayiyo, mantha enieni othetsa njala, ndipo tsiku la msika litafika analawirira kukasankha mbiya.

Anapeza mbiya khumi zitandandalikidwa, zonyezimira bwino, iliyonse italembedwa ndi utoto wofiira kuti Mbiya Iyi Ndi Yolimba Koposa, Anzeru Onse Akuvomereza. Anawerenga kawiri, pang'onopang'ono, monga ankawerengera chilichonse, akufunafuna pamene mawuwo aponda pansi. Sanapapeze.

"Pepani bambo," anafunsa wogulitsa mwaulemu, "anzeru akuvomerezawa ndi ati? Ndikufuna ndikaonane ndi mmodzi yekha, andiuze tsiku limene anathiramo madzi, ndi kuchuluka kwa amene anatsalamo."

"Mayi, anzeru ndi anzeru," anayankha wogulitsayo, maso ali uku ndi uku. "Mayina awo sitipatsidwa ife. Koma ngati mtima ukukuvutani, tawerengani apo." Analoza chikwangwani chachikulu pamtengo, chimene chinkati Zonse Zolembedwa pa Mbiya Izi Ndi Zoona Zokhazokha.

"Nanga icho analemba ndani?"

"Omwewo, mayi. Ndiye mukuona kuti zikugwirizana."

"Inuyo kwanu mumamwera iti mwa izi?"

Wogulitsa anatsitsa mawu. "Ine ndili ndi ya malemu amayi anga, yakalekale, yopanda ndi chilembo chomwe. Koma chonde musanditchule."

Dzanja la Mayi Tiyese linatuluka lokha m'chitenje. Anagunditsa khutu pa mbiya yoyamba, anagogoda katatu, ndipo mbiya yolimba koposayo inati phwa. Yachiwiri inati phwa. Yachitatu chimodzimodzi. Wogulitsa anagwira m'mutu n'kuyamba kuitana mizimu ya kwawo, koma mayiyo anali atayamba kale, ndipo zaka zisanu zokhala chete zinamutuluka tsiku limodzi. Anagwira paphewa bambo wina amene ankadutsa ndi mbuzi yake Yonenepa Koposa, anamuweramitsa, ndipo bamboyo anadzuka nkhope itagwa, akuti, "Ndiye ndi imeneyi imene ndinagula chaka chatha!" Anthu anaunjikana. Okalamba anayamba kukankhana kuti aikepo khutu, ngati anthu amene amva nyimbo ya ubwana wawo. Mayi Tiyese anali pa mbiya yachisanu ndi chimodzi, asanapeze ndi imodzi yomwe yamoyo, pamene asilikali anafika n'kumugwira, ndipo mbiya khumi zija anazikweza pangolo kuti zikaonekere pamlandu.

Asanamulowetse m'bwalo la milandu anamupachika chikwangwani m'khosi chakuti Mayi Uyu Ndi Wansanje Koposa, Anzeru Onse Akuvomereza. Anthu omwe aja amene ankakankhana kumsika anachiwerenga, ena n'kuyamba kugwedeza mitu kuti inde, ankamuona kalekale kuti maso ake si abwino. Mwinidziko anakhala pampando wake wautali, ndipo Nduna Pakamwa inayala mlandu. Inati mayiyu ndi woopsa, ndi wosokoneza, ndi wosayamika, ndi mdani wa chitukuko cha dothi, ndipo itatha mawu oipa onse amene inkawadziwa inabwerezanso oyamba aja mokweza. Pamapeto inaloza chikwangwani cha m'khosi mwake n'kunena kuti bwalo lisavutike kufuna umboni wina, zonse zalembedwa kale.

Mayi Tiyese anagwada. "Mwinidziko, Mthunzi wa Otopa, ine ndine mayi wosaphunzira zambiri, ndipo mawu aatali andithera kutali. Sindikupempha kuti mukhulupirire ine. Mbiya zili apo. Lamulani kuti athiremo madzi mpaka pakamwa, aziike padzuwa masiku atatu, bwalo lidzabwere kudzasuzumira. Zikadzapezeka zodzaza, chala ichi mudule. Ndili ndi mwana mmodzi yekha, akukakhala ku Chouma, ndipo chimene ndimafuna kumsika kuja ndi mbiya imodzi yosunga madzi."

"Bwalo lamva chipongwe chimenechi!" inafuula ndunayo. "Akufuna madzi akhale mboni! Kodi madzi analumbira? Kodi madzi anapita kusukulu? Madzi alibe lilime, sadziwa kulemba, lero ali apa mawa ali apo, ndipo mayiyu akufuna tiike chinthu chosakhazikika chotero pamwamba pa alembi a Wosalakwa Chibadwire. Tikalola lero kuti madzi aweruze mbiya, mawa sikelo idzafuna kuweruza mbuzi, mkuja odwala adzafuna kuweruza sing'anga, ndipo dziko lidzathera pomwepo."

Mfumu inakweza dzanja, bwalo linati zii. "Ife ndife achifundo koposa," inatero, alembi n'kulemba msangamsanga. "Chala chake sitidula. Mayiyu akhala m'linga la nyumba yathu moyo wake wonse, kuti asaipitsenso msika. Ndipo kuti dziko lione kuti sitisunga mangawa, mwana wake timupatsa ife mbiya ya ukwati, imodzi mwa khumi zomwezi, yolembedwa ndi utoto wagolide mawu amene mbiya ina iliyonse sinalembedwepo." Manja anaombanso. Mayi Tiyese sanaombe nawo. Za kutsekeredwa sanaziganize n'komwe. Ankaona Timwenji akutsika phiri ndi chidebe, kumbuyo kwake kutatsala mbiya yagolide youma.

Masana omwewo asilikali anamutenga, iye akuyembekeza chipinda chamdima, koma anamudutsitsa kuseri kwa khitchini ya kunyumba yachifumu n'kumusiya pabwalo lamthunzi. Kumeneko anaona chimene chinamuimitsa chilili. Mbiya zakale zinali ndandanda m'munsi mwa denga, zakuda ndi ukalamba, zozizira, zodzaza, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe yokhala ndi chilembo. Pakati pa mzerewo panali malo opanda kanthu, ndi mapale a mbiya yosweka ataunjikidwa pambali. Mbiya khumi za kumsika zija zinali zitatsitsidwa pomwepo. Posakhalitsa mfumu inatulukira, pamodzi ndi Bambo Phuma ndi Nduna Pakamwa, ndipo ndunayo itayamba kulankhula, mawu ake anali a munthu wamba, afupiafupi, moti mayiyo anacheuka kuti aone ngati ndi yomwe ija.

"Mayi, vulani chikwangwanicho, chikukulemerani chabe. Wogogoda wa panyumba pano anamwalira dzinja lapitali. Tafunafuna wina dziko lonse, koma ena anaiwala, ena akubisala, ndiye inu mwatithandiza podzionetsa nokha. Mbiya ya Mwinidziko inasweka mwezi watha, mapale ake ndi awo, ndipo mukudziwa kuti mwambo sulola mfumu kumwa m'mbiya ya munthu wina. Pakali pano tikuwatungira kuchitsime, koma mvula ili pafupi. Pa khumizi pamakhala imodzi yamoyo, a Phuma akutero. Tipezereni."

"Nanga malemba ali pamimbapo?" anafunsa Mayi Tiyese. "Akuti zonse ndi zolimba koposa."

"Malemba ndi a anthu, mayi. Mfumu imamwa madzi."

"Ndiye ya mwana wanga?"

"Pa zotsalazo lozani iliyonse. Utoto ndi umodzimodzi."

Mkwiyo wozizira unamugwira mayiyo. Anayamba ntchito. Yoyamba phwa, yachiwiri phwa, mpaka yachisanu ndi chiwiri. Atagogoda yachisanu ndi chitatu, mbiya inayankha kuti ngwee, mawu oyera ozungulira m'kati, amene khutu lake linali litawasowa zaka zisanu. Misozi inafuna kutuluka, koma anaumitsa nkhope n'kupitirira. Yachisanu ndi chinayi phwa, yakhumi phwa. Yamoyo inali imodzi, ofuna kumwa anali awiri, ndipo amuna atatu aja anali ataima patali, manja kumbuyo, osamva kanthu. Zaka makumi atatu mayiyu anali asananamizepo munthu pa nkhani ya mbiya. Anadziwanso kuti chimene ankafuna kunena tsopano chikanatha kumulanda mwana wake madzi, koma ntchito ili ndi mwambo wake, ndipo pakamwa pake panakana kuulumpha.

"Mwinidziko, Kasupe wa Mawu Okoma," anatero, "chiyambire sindinasankhirepo munthu mbiya iye asanamve. Ikani khutu apa, ndigogode zonse khumi, mumve nokha, musankhe nokha."

"Wosalakwa Chibadwire awerame pamaso pa dothi?" inadzuma Nduna Pakamwa, mawu ake a pabwalo atabwerera. "Mayi, mwapenga?"

"Ndiye mumve inuyo, anduna, m'malo mwawo."

Ndunayo inayang'ana mkanjo wake woyera, inayang'ana fumbi la pambiya, n'kunena kuti udindo wake ndi wolankhula, za kumva zili ndi eni ake. Bambo Phuma anati iwo ndi oumba, akamvera mbiya zawo zomwe ndiye kuti akudzikayikira, ndipo lamulo likuletsa. Mfumu inayasamula. "Tangonena, mayi iwe. Takusunga kuti uzinena."

Mayi Tiyese anayenda pang'onopang'ono n'kukaika dzanja pa mbiya yachitatu, yonyezimira kuposa zinzake, imene phwa wake anali womvetsa chisoni. "Iyi, Mwinidziko."

"Ndi yolimba?"

"Yolimba koposa."

Mfumu inapuma mokhutira, pakuti amenewo anali mawu amene inakulira, ndipo inalamula kuti aipale malemba ofiira aja, aiimike pamalo pa yosweka. Kenako mayiyo analoza yachisanu ndi chitatu ndi chibwano, ngati munthu amene zamuthera. "Ya mwana wanga ikhale iyo, poti utoto ndi umodzimodzi." Alembi anabwera ndi utoto wagolide, analemba kuzungulira mimba yonse mpaka malo anatha, ndipo m'mawa mwake ngolo inanyamuka ulendo wa ku Chouma, ng'oma zikulira, kuti dziko lione chifundo cha mfumu.

Mvula inagwa miyezi yake itatu n'kupita. M'linga muja Mayi Tiyese ankasesa bwalo lamthunzi, ndipo tsiku lililonse ankaona kanyontho kakufalikira m'munsi mwa mbiya ya mfumu. Abakha a kukhitchini anakazindikira msanga n'kusamukira pomwepo. Wophika anakauza kapitawo, kapitawo anakauza Nduna Pakamwa, ndipo ndunayo inachita chimene inkachidziwa. Inatumiza chikwangwani chakuti Pansi Pano Ndi Pouma Koposa, anachizika m'matopemo, abakha n'kumapumula mumthunzi wake. Wosuzumira m'mbiyamo panalibe, poti kusuzumira n'kukayika.

Chilimwe chitafika pachimake, mayi wina wa ku Chouma wogulitsa nkhuni kukhitchini anamukokera Mayi Tiyese pambali. Anamuuza kuti malemba agolide aja anasukuluka ndi mvula yoyamba yomwe, moti mbiya ya Timwenji inangotsala yopanda chilembo, koma madzi anali akadali pamwamba pa theka. Timwenji anali atachira, mwana wamkazi, ndipo chaka chonsecho phazi lake silinaponde njira ya kuchitsime. Mayi Tiyese anakhala pansi pomwepo n'kulira ndi chisangalalo, mpaka wogulitsa nkhuni anachita mantha kuti wanena zolakwika.

Patapita masiku anayi, dzuwa lili pamutu, mfumu inaitanitsa madzi. Wotunga anatsitsa chikho m'mbiya, anatsitsanso dzanja lonse mpaka phewa, ndipo chikhocho chinakanda pansi. Mwinidziko mwiniwake anatuluka kudza kuseri kwa khitchini, milomo itauma, nduna ndi alembi ali pambuyo. Anayang'ana chikwangwani, anayang'ana abakha, kenako anayang'ana mayi amene anali ataima apo ndi tsache.

"Mayi iwe, unati mbiya iyi ndi yolimba koposa. Unadziwa bwanji?"

Zolembera za alembi zinaima m'malere. Asilikali anayang'anizana, osadziwa kuti agwire ndani. Mayi Tiyese anatsamiritsa tsache kukhoma, anagwada mwaulemu wonse, ndipo mumtima mwake munalibe mantha, pakuti nthawi imeneyo ku Chouma mdzukulu wake anali akusambitsidwa.

"Funso limenelo, Mwinidziko, linachotsedwa m'dziko muno, akuti ndi la anthu ansanje. Koma ngati mwalibweza, ikani khutu apa, mumve nokha."

Wosalakwa Chibadwire anacheukira kwa Nduna Pakamwa, koma ndunayo inangoyang'ana mkanjo wake woyera. Mfumu inakwinya mkanjo, inaponda m'matope a abakha, inawerama n'kugunditsa khutu padothi. Mayi Tiyese anapinda chala chake n'kugogoda katatu.

Mbiya inati phwa.